Kukatenga Mawu a Amuna Anga ku Bolero

Chimene chinandinyamutsa ku Biwi chinali chaching'ono, mwina wina angaseke. Tsiku lina m'mawa ndikusesa pakhomo, ndinayesa kukumbukira mawu a malemu amuna anga, a Harawa, koma mawuwo anakana kubwera. Nkhope inabwera, ndi kachipsera ka pachibwano komwe. Kayendedwe kawo kopendekera kumanzere kanabwera. Koma mawu ayi. Ndinaima chilili ndi tsache m'manja mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nane anafunsa ngati ndaona njoka.

Munali mu 2006, mwezi wa Juni, patatha chaka ndi miyezi iwiri chiwaikireni m'manda. Masiku amenewo ndinali ndi lamya ya pamsewu, ija tinkaitcha byulo: katebulo, ambulera yaikulu ndi foni imodzi, pafupi ndi siteji ya minibasi. Ntchito yake inali kukhala tsonga tsiku lonse n'kumamvera anthu akulankhula ndi anthu awo. Wina akunamiza mkazi kuti ali ku Salima pamene ali pa Biwi pomwepo, wina akulengeza maliro, wina akungoseka osanena kanthu kanzeru. Aliyense anali ndi womuyankha mbali inayo. Ine ndinkangoyang'ana mphindi.

A Harawa anali okonza mafiriji, koma ukawafunsa ntchito yawo ankati ndi oyimba. Anali ndi gulu la anthu anayi ku Kawale, ndipo Lamulungu masana ankayimba jazi pa kapinga wa hotela ina m'tauni, mabwana akudya nkhuku osawayang'ana n'komwe. Ine jaziyo sindinkaikonda, ndisaname. Nyimbo yanji yoti ukafuna kuvina mwendo umasowa poponda? Ndinkawauza kuti nyimbo zawo zimayenda ngati chidakwa chimene chaiwala kwawo. Iwo ankaseka n'kunena kuti, "Esinati, chidakwacho kwawo chimafika ndithu, kungoti chimadzera njira yaitali."

Anali ndi khalidwe limodzi limene poyamba linkandiseketsa, kenako n'kumandipsetsa mtima: ankaodira pakhomo pawo pomwe. Munthu nyumba ndi yake, kiyi ali naye m'thumba, koma aima panja n'kumati, "Odi! Odi kuno!" mpaka wina ayankhe. Ankati kwawo anawalera choncho, nyumba imene muli mkazi sulowamo ngati mbuzi. Ndiye ine ndikakwiya, makamaka akachedwa ku zoyimba zawozo, chilango changa chinali chomwecho. Ndinkangokhala phee m'nyumba, iwo akuodira panja, kasanu, kakhumi, mpaka agalu a aneba kuyamba kuwathandiza.

Chaka chomaliza cha moyo wawo anajambula chimbale m'kasitudiyo kena ku Area 25, kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu, makoma ake omata mathireyi a mazira. Zinali nyimbo zisanu ndi zinayi, zonse za msewu wa kwawo, iliyonse ndi dzina la malo amene basi imaima kuchokera ku Lilongwe kupita kumpoto. Zisanu ndi zitatu ndinkazidziwa, poti anaziphunzirira pakhonde panga mpaka makutu kuwawa. Yomalizayo anandibisira. Ankati imeneyo ndi yanga, ndidzaimva ikadzapsa.

Tsiku limene anabwera ndi sidi, atalembapo dzina lawo ndi cholembera chakuda, anali ngati mwana amene wakhoza mayeso. Kunyumba tinali ndi wailesi ya kaseti basi, choncho anati tiwoloke msewu tikamvere kwa aneba amene anali ndi choyimbira masidi. Ine ndinali nditanyika zovala, ndiponso ndinali nditakwiya ndi kanthu kena koti lero sindikukakumbukira. Ndinati mawa. Mawa lake ndinatinso mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Sabata isanathe mutu unawagwira, khosi linauma, ndipo tsiku lachisanu m'chipatala anatisiya.

Tinakawaika kwawo, kuseri kwa Bolero. Titabwerako, abale awo anafika ndi lole. Ine ndine wa ku Thyolo, kumene mwamuna amabwera ndi chikwama n'kuchoka ndi chikwama. Kwawo ndi zina, ndipo ana oti andiyankhulire tinalibe. Anatenga firiji, mipando, bedi, gitala ndi sutikesi ya zovala. Wailesi yokha inapulumuka chifukwa inali ku byulo. Sindinalimbane nawo, mphamvu ndinalibe. Tsiku la tsache lija m'pamene ndinakumbukira kuti sidi inali m'thumba la jekete lawo la Lamulungu, m'sutikesi momwemo. Ndinathamangira ku Area 25, mwini situdiyo n'kundiuza kuti kompyuta inapsa ndi mphenzi ya mvula yoyamba, zonse zinapita. Ku Kawale anzawo anati iwonso ankadikira kuti a Harawa awakopere. Ndiye kuti pa dziko lonse lapansi mawu a amuna anga anatsala pa kambale kamodzi, m'thumba la jekete, ku Bolero.

Lamya ndinasiyira mayi woyandikana nane uja. Ndinagula shuga, mchere ndi sopo, poti kuchipongozi sufika chimanjamanja. Mumsika wa ku Old Town ndinagulanso kabokosi ka pulasitiki kosungiramo sidi, kopanda kanthu, n'kukakulunga m'chitenje.

Lachisanu ndinatsetsereka wapansi kupita ku depoti dzuwa lisanatuluke bwino. Oitanira anandilanda chikwama ngati akundipulumutsa pamoto. "Ya Mzuzu iyi amayi, mwatsala inu nokha, ikunyamuka!" Nditasuzumira ndinaonadi mitu m'mipando yonse. Nditangolipira, mituyo inayamba kutsika umodziumodzi. Anali anzawo omwe, aganyu yokhala m'basi kuti izioneka yodzaza. Mtengo nawo unali utakwera kuposa umene ndinkaudziwa, ndipo nditadandaula kondakitala anangoti, "Mafuta, amayi," osandiyang'ana. Tinakhala pamenepo kuyambira sikisi mpaka teni. Injini inkalira, basi inkasuntha pang'ono n'kubwereranso pamalo pake, kunamiza anthu. Analowa mlaliki n'kutiuza kuti si tonse amene tikafike kumene tikupita. Atatuluka iye analowa wogulitsa mankhwala amodzi ochiza mano, msana ndi banja lomwe. Panja anthu ankaperekezana, kupatsana malangizo pawindo, kukumbutsana zoti akaimbe foni akafika. Ine pawindo panga panaima wogulitsa zisa yekha.

Pampando wanga panabwera mayi wamkulu thupi, wa geni ya kaunjika, dzina lawo a NyaGondwe. Anakhala mpando wawo ndi theka la wanga. Tisanafike n'komwe pa Kanengo anali atandiuza za belo lawo limene linali padenga, za matenda a amuna awo, ndi mayina a adani awo onse a mumsika wa Mzuzu. Titadutsa Lumbadzi anatembenukira kwa ine.

"Inu mama, duku lakudali, kuli maliro?"

"Maliro anatha kale. Ndikupita kwa alamu anga ku Bolero."

"Ku Bolero! Mukukatani kufumbi kumeneko?"

Sindidziwa chimene chinandimasula pakamwa. Mwina n'chifukwa choti panali patapita nthawi munthu asanandifunse funso lina loposa lakuti foni ikugwira kapena ayi. Ndinafotokoza zonse.

"Dikirani kaye," anatero a NyaGondwe. "Anakutengerani firiji?"

"Eya."

"Bedi? Mipando?"

"Zonse."

"Ndiye inu mwakwera basi kukatenga sidi?" Anaomba m'manja kamodzi n'kucheukira anthu a mpando wakumbuyo ngati akufuna mboni. "Mama, anthu akumwera muli ndi mtima wina. Ine ndikanapita ndi lole ndi apolisi awiri. Jazi yake ndi iti, ya anyamata a mabanjo a zigubu aja?"

"Ayi, ina. Yosavinika."

"Yosavinikanso!" Anapukusa mutu, n'kumasula kajumbo ka chinangwa chophika n'kundigawira ngati mmene amagawira wodwala.

Nyimbo yoyamba pachimbalepo inali ya Mponela. Basi itaima pamenepo, utsi wa kanyenya n'kulowa pawindo, mawu ake anabwera okha: "Mponela ndisiye, usandigwire malaya, nyama yako ndidzadya pobwerera." Ndinasangalala kwa kamphindi. Kenako ndinazindikira kuti amene akuyimba m'mutu mwangamo ndi ine ndemwe, ndi mawu anga a kwaya ya amayi. A Harawa munalibemo. Pa Madisi ndinayesanso, ndinatsinzina ndithu kuti mwina abwera, koma chinali chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo ndinachita mantha enieni, oti ndikapanda kuipeza sidiyo ndiye kuti munthu ndamuika m'manda kachiwiri.

Pa Kasungu dalaivala anazimitsa injini n'kusowa. Ena ankati wapita kukadya, a NyaGondwe ankati ali ndi banja lachiwiri kuseri kwa msika, ndipo poona nthawi imene anatenga ndikukhulupirira a NyaGondwe. Ndinatsika kukadzithandiza. Pobwerera ndinapeza pamalo paja pali mbee, basi palibe. Ndinaiona ikukhotera kumsewu waukulu, ndipo ndinathamanga mmene sindinathamangirepo chisiyireni sukulu, ndikukuwa, duku lili m'manja. Silipasi ya kumanja inaduka. Amayi ogulitsa mtedza ankaseka osabisa. Basi yakeyo inali ikungopita kukathira mafuta patsidya pa msewu. Ndinalowa ndili wefuwefu, silipasi m'manja, ndipo a NyaGondwe anasolola pini pachitenje chawo n'kulumikiza silipasiyo. Pini imeneyo inandifikitsa ku Bolero.

Pa Jenda pali chipata cha apolisi. Tonse tinatsika ndi zikwama zathu n'kuima pamzere padzuwa, amayi a tomato ndi anyezi atatizinga mbali zonse. Wapolisi amene anafika pa ine anali wachikulire, waulemu wake. Anagwira shuga, anagwira sopo, kenako anamasula chitenje chija n'kutsegula kabokosi.

"Amayi, akuberani. Mulibe kanthu umu."

"Ndikudziwa, bwana. Mwini wake ndikukamutenga."

Anandiyang'ana, anayang'ana duku langa, n'kukulunganso kabokosiko bwinobwino mmene anakapezera. "Muyende bwino," anatero, n'kupita pa wina.

Tsoka linatidikirira m'nkhalango ya Chikangawa. Cha m'ma folo koloko, tikukwera chitunda, pansi pa basi panamveka phokoso ngati wina wagwetsa mapoto, kenako fungo la mphira wopserera. Dalaivala anaimika pambali, anakwawira kunsi, n'kutuluka ndi lamba wa injini woduka m'manja. Anationetsa tonse ngati tamudula ndife. Wina wapadera analibe. Kondakitala anakwera lole ya matabwa kupita ku Mzuzu kukagula, n'kutiuza kuti abwera pompano. Pompano wa kondakitala ndi uja mumamudziwa.

Amene sanaimepo mu Chikangawa mwezi wa Juni asamanene kuti kuzizira amakudziwa. Mitengo ya paini mbali zonse, nkhungu ikutsika, kopanda nyumba, kopanda wogulitsa ngakhale nthochi imodzi. Poyamba anthu anakalipa, anafuna kubwezeredwa zawo, dalaivala n'kuwauza kuti chikwama chapita ndi kondakitala. Atatopa kukalipa anagawikana okha. Olankhula Chitumbuka anaunjikana kuseri kwa basi kobisalira mphepo n'kuyamba kufunsana mafuko mpaka kupezana chibale. Bambo wina wa tayi anakwera pachitsa, foni ataikweza m'mwamba, kusaka netiweki kuti auze mkazi wake asadikire. Ine ndinakhala pamwala pandekha, chikwama chili pamiyendo. Ku Biwi kunalibe amene ankawerengera kuti ndafika pati, ndipo ku Bolero kunalibe amene ankadziwa kuti ndikubwera.

A NyaGondwe sanapirire. Itaima lole ina anakambirana ndi dalaivala wake, belo lawo linatsitsidwa padenga, ndipo asanakwere anabwera pamwala panga.

"Mama, mverani. Kwathu mukakafika musakayambe ndi kupempha. Mukakhale pansi, akulonjereni, mukaone manda, mukadye chimene akupatsani. Za sidi mukanene mawa lake, ngati mwangokumbukira. Mukakafulumira akaganiza kuti muli chuma m'menemo, ndipo simukaiona."

Anandisiyira chinangwa chotsala n'kukwera. Ndinangowadziwa tsiku lomwelo, ndiponso anali atandipanikiza nthiti kuchokera ku Lilongwe, koma lole ija itazimirira m'nkhungu ndinamva ngati ndaferedwanso. Nyimbo ya Chikangawa inali yopanda mawu ambiri. A Harawa ankangoyimba cham'mphuno, gitala ikuyankha, ndipo ine ndinkawafunsa ngati mawu anawathera panjira. Tsiku limenelo ndinamvetsa, malo amene aja alibe choti unene. Ndinalira pang'ono mwakachetechete, ndipo palibe anadabwa chifukwa mphepo inali itatulutsa misozi kwa aliyense.

Kondakitala anabwera kutada, lamba m'manja, pakamwa pakununkha zina. Ku Mzuzu ndinagona pabenchi ya m'depoti pakati pa amayi ena, chikwama nditatsamira, ndipo za usiku umenewo palibe chokamba kupatula msana.

M'mawa ndinakwera minibasi ya ku Rumphi. Tinakhala anayi pampando wa atatu, ine nkhuku ya eni ili pamiyendo. Pa Ekwendeni tinaima kudikira munthu amene kondakitala ankati akubwera, pamene mkazi wa munthuyo ankati akusamba. Pa Rumphi msewu wa tara unathera pomwepo, ndipo ya ku Bolero inali matola, kagalimoto kotsegula kumbuyo kodzaza matumba a simenti, ife pamwamba pake. Tinadikira kuti kadzaze ngakhale kanali kodzaza kale. Anzanga onse ankacheza m'Chitumbuka, akaseka ine n'kumangomwetulira kuti ndisaoneke wamwano. Kawiri tinatsika kukankha, ndipo fumbi la msewu umenewo linasandutsa duku langa lakuda kukhala lofiira. Kuchokera pa Bolero ndinayenda wapansi. Njira ndinaikumbukira ndi mkuyu waukulu umene tinakhoterapo tsiku lija tili ndi bokosi.

Anandilandira ndi mlamu wanga, a Yotamu, mng'ono wawo wa a Harawa, yemwe uja anabwera ndi lole ku Biwi. Atandiona nkhope inagwa, ankayesa ndabwera ndi milandu. Ndinachita monga anandilangizira a NyaGondwe. Ndinakhala pamphasa, tinalonjerana mpaka kufunsana za nkhuku, ndinapereka shuga ndi sopo, ndipo dzuwa litapendeka anandiperekeza kumanda. Panali patamera udzu, ndinauzula ndi manja. M'nyumba ndinaona katundu wanga yense ngati ndikuona abale kundende. Mipando inali itang'ambika. Firiji, poti kumeneko kulibe magetsi, ankasungiramo nyemba kuopa makoswe. Gitala inali pakhoma itatsala ndi nsambo ziwiri. Za sidi ndinazisungira mawa.

Kutacha linali Lamulungu. A Yotamu anatuluka atavala za kutchalitchi, ndipo maso anga anagwera pa jekete lawo. Linali jekete lija, manja ake atawapinda chifukwa linkawakulira.

"Mlamu," ndinatero ngati ndangokumbukira, "m'thumba la jeketelo munalibe kanthu kena? Kambale kozungulira, kowala?"

Anapisa m'thumba, anaganiza, kenako nkhope inamasuka. "Oho, kagalasi kaja! Kalipo mlamu, kalipo. Kakugwira ntchito chomene. Bwerani muone."

Ananditengera kuseri kwa nyumba kumene anatsamiritsa njinga yawo. Kumbuyo kwa kaliyala, pamene pamakhala chowala chofiira chija, anali atamangirirapo sidi ya a Harawa ndi waya wodzera pabowo la pakati, mbali yowala itayang'ana kumsewu. Inali mbuu ndi fumbi, yokandikakandika, ndipo m'mphepete munali mobenthuka. Nditasuzumira kuseri kwake ndinaona dzina lawo, m'zilembo zawo zopendekera zija, litayamba kufufutika.

"Njinga inalibe chowala," a Yotamu ankafotokoza monyadira. "Malole a fodya pamsewu uwu saona munthu. Koma chiikireni aka, akangowalitsa nyali amandipatukira patali. Anzanga onse akufuna kotere."

Malangizo a NyaGondwe anathera pomwepo. Mawu onse amene ndinawameza tsiku la lole anatuluka nthawi imodzi. Ndinawauza za firiji ya nyemba, za bedi, za miyezi imene ndinagona pamphasa m'nyumba ya mbee. Ndinati, "Zonsezo idyani, sindikuzifuna. Koma apa mwamanga ndi waya ndi achimwene anu! Mawu awo ali umu, nyimbo zawo zonse, kwina kulikonse kulibe. Mwakhala mukuwayendetsa m'fumbi chaka chathunthu ngati nambala ya galimoto!" Anthu opita kutchalitchi anaima panjira, mabuku m'manja.

A Yotamu anayang'ana ine, anayang'ana njinga, n'kuvula chipewa. "Yayi, mlamu," anatero motsitsa mawu. "Muli mawu umu? Masidi a nyimbo amene ndimaona pa Rumphi amakhala ndi zithunzi. Aka kanali koyera, kolemba pamanja. Ine ndinkayesa..." Anagwada pafumbi ndi buluku la kutchalitchi n'kuyamba kumasula waya uja pang'onopang'ono. Atamaliza anaipukuta ndi mkono wa jekete n'kundipatsa ndi manja awiri. Mkwiyo wanga unasowa pogwira. Munthuyo sanali woipa kuposa anthu ena, sankadziwa basi.

Kutchalitchi sanapitenso. Anandikweza panjinga yomweyo mpaka pa Bolero, ine kabokosi nditakapanira pachifuwa. Podikira matola anati, "Ine achimwene sindinawamvepo akuyimba zimenezo. Kuno ankangoyimba za m'buku la kutchalitchi. Mukakamva mudzatitumizire uthenga kuti akuti chiyani."

Kudikira mpaka ku Lilongwe sindikanatha. Lolemba m'mawa ndinali mumsika wa Mzuzu, ndipo anandilozera kwa bambo wina wokonza mawailesi, wa imvi, magalasi ake omanga ndi ulusi, m'kashedi kodzaza mawailesi akufa. Anaitenga sidi ija, anaiyang'ana padzuwa, n'kuimba mluzu.

"Mayi, iyi munkakwechera mapoto?"

"Inali panjinga."

Sanafunse zambiri. Anaitsuka ndi madzi a sopo, anapaka mankhwala otsukira mano mokandikamo, n'kumapukuta ndi kansalu kuchokera pakati kupita kunja, mobwerezabwereza. Choyimbira choyamba chinaizunguza n'kuilavula. Chachiwiri chimodzimodzi. Ine ndinali pakabenchi, manja ali pakati pa mawondo, ndikupemphera pemphero lopanda mutu. Chachitatu chinali chakale, chochotsa m'galimoto, cholumikiza ku batire ndi mawaya awiri. Chinazunguza, chinakhosomola, chinakhala chete. Kenako gitala inalira.

"Mponela ndisiye, usandigwire malaya..."

Anali iwowo. Ndinali nditaiwala kuti mawu awo anali osasa pang'ono ngati a munthu amene wangodzuka, ndiponso kuti asanayambe mzere ankakoka mpweya ndi mphuno. Zonse zinabwerera nthawi imodzi mpaka ndinagwira tebulo. Nyimboyo inkadumpha apa ndi apo, koma ndinalibe nazo ntchito.

"Ikani nambala naini," ndinatero.

Bamboyo anakanda m'mutu. "Sidi imayambira pakati kumapita kunja, mayi. Yomaliza imakhala m'mphepete, ndipo m'mphepetemo ndi mmene mwabenthukamu. Musayembekezere zambiri."

"Ikani."

Inayamba ndi besi yokha, ikuyenda ngati mapazi a munthu wotopa. Sinali ya malo a kumpoto ngati zinzake, inali ya pobwerera. Ankayimba za munthu amene watsika basi pa depoti, wadutsa mumsika, wakwera kamtunda ka ku Biwi, wadutsa mashedi a okonza magalimoto, wakhota pamene amagulitsa madzi, ndipo waona chitseko chobiriwira. Chinali chitseko chathu. "Misewu yonse ndaipondaponda," ankayimba choncho, "koma wondidziwa dzina ndi uno." Zoyimbira zonse zinaima. Ng'oma inagogoda katatu ngati chala pathabwa. Ndipo a Harawa, osayimba tsopano, ndi mawu awo enieni a pakhomo, anati, "Odi."

Pobenthuka paja panali pomwepo. Sidi inakakamira. Odi. Odi. Odi. Odi.

Bambo uja anatambasula dzanja kuti azimitse, koma ndinaligwira.

"Lowani," ndinatero. Sindinaganize, pakamwa panayankha pokha, mokweza, pakati pa msika wa Mzuzu. "Lowani, a Harawa. N'chosakhoma."

Odi. Odi. Odi.

Bamboyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta atayang'ana kumbali. Patapita nthawi anafunsa ngati kunyumba ndili ndi choyimbira, ndipo nditati ndili ndi wailesi ya kaseti, anati andikopera zonse pamakaseti awiri, ina ikhale ya ku Bolero.

"Nanga yomalizayi ndiidule pamene ikukakamirapa?"

"Ayi. Isiyeni ipite mpaka tepi ithe."

Zimene a Harawa ananena pambuyo pa odi ameneyo sindidzazidziwa. Anzawo a ku Kawale amati mawu a nyimbo imeneyo a Harawa anajambula okha, anzawowo atapita, ndipo mwini situdiyo amati nyimbo zinadutsa m'makutu mwake n'zambiri. Pobwerera basi sinawonongeke, ndinafika ku Biwi dzuwa likadalipo. Aneba poyamba ankadabwa kuti ndi mlendo wanji amene amaodira kwanga madzulo aliwonse, nthawi yaitali chotere, osalowa. Pano anazolowera. Amadziwa kuti masiku ano ndimayankha pa odi woyamba, kungoti mwini wakeyo sandimva.